Belo si kutha kwa mlandu

Pali mawu amodzi amene ndatopa nawo. Ndimawamva pakhonde la khoti pa boma pa Mulanje, ndimawamvanso pa foni usiku: "A loya, nkhani ija inatha, mwana anatuluka." Ayi mayi, sinathe. Boma langokubwerekani mwanayo, ndipo chobwereka chimakhala ndi tsiku lobweza.

Za ufulu wa belo sindichulukitsa. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo atulutsidwe pokhapokha pali chifukwa chomveka chomusungira. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Wina akakuuzani mtengo wake, akukuberani. Chimene chimandisowetsa tulo ndi zimene anthu amachita akatuluka.

Choyamba dziwani mlandu umene mukuyankha, pakuti "kumenya munthu" si mlandu umodzi. Gawo 253 la malamulo a zilango ndi la kumenya wamba, chilango chake sichipitirira chaka chimodzi. Gawo 254, pamene womenyedwayo wavulala, chimafika zaka 5. Gawo 238, kuvulaza koopsa, zaka 14. Chimene chimalekanitsa milanduyi kawirikawiri ndi lipoti la kuchipatala. Tsono ngati inunso munavulala pa ndewuyo, bwanji mukungothowa bala kunyumba? Katengeni kalata kupolisi, mukapimidwe, mujambulitse mabalawo asanapole. Pakatha miyezi itatu mudzaima pamaso pa majisitireti n'kunena kuti mumadziteteza, koma chipsera sichinena tsiku limene chinabwera. Ndipo kudziteteza kuli ndi muyeso wake: wokumenyani khofi simumubwezera ndi khasu.

Pali mnyamata wina amene mpaka lero ndikamukumbukira mtima umandiwawa. Ankathyola tiyi pa esiteti ina cha ku Muloza, mkamwini pamudzi pa mkazi wake. Anakangana ndi mlamu wake pa malire a munda. Mlamuyo ndiye anabwera ndi chikwanje. Mnyamatayu polimbana kuti amulande, anamugwetsera pamwala, mlamu n'kung'ambika pachipumi. Anthu awiri anaona zonse. Mlandu ngati umenewu loya aliyense amaulandira ndi manja awiri.

Khoti linamupatsa belo pa mfundo zitatu: azikaonekera kupolisi Lachisanu lililonse pakatha masabata awiri, asatuluke m'boma la Mulanje osapempha, ndipo asalankhule ndi wodandaula kapena mboni za boma. Malume ake anasaina ngati womuimira.

Sabata isanathe malume omwewo anati, "Mphwanga, zapachibale sizithera kukhoti." Anagwira nkhuku, anamanga kandalama pakansalu, n'kupita naye madzulo kwa mlamu uja kukapepesa. Mwa chikhalidwe chathu sanalakwe chilichonse, ndipo ndikanakhala malume osadziwa malamulo mwina nanenso ndikanatero. Koma kutacha mlamuyo anali kupolisi kukanena kuti akumunyengerera ndi ndalama kuti asinthe mawu. Kenaka inafika nyengo ya mvula, tiyi ataphuka kwambiri, kapitawo osafuna kumva za munthu wojomba. Mnyamata analumpha Lachisanu limodzi. Lotsatira anali ataoloka kupita ku Milange kukagula chimanga, monga amachitira aliyense wa kumeneko, osaganiza n'komwe kuti ku Milange ndi ku Mozambique, dziko lina.

Belo inathetsedwa. Anakhala pa rimandi, ntchito inatha, mkazi ali ndi pakati. Tsiku lina anandiuza kuti, "Bwana, ndingovomera, zithe." Ndinamuletsa, sanamve. Anavomera mlandu umene ndikukhulupirira kuti akanapambana, ndipo mboni zake ziwiri zija sizinatsegule n'komwe pakamwa m'khoti.

Chimene chimandipweteka n'chakuti zonse zitatu zinali ndi njira yake. Malamulo athu amalola khoti kuyanjanitsa anthu pa milandu ing'onoing'ono ngati kumenya wamba, koma nkhaniyo ipite kudzera kwa woimira boma pa mlanduwo ndi kwa majisitireti, masana, osati kuseri kwa nyumba ndi nkhuku kukhwapa. Dziwaninso kuti wodandaula sangangoti "ndauchotsa mlandu" ali pakhomo pake. Mlandu ndi wa boma, iye ndi mboni chabe. Ngakhale anyakwawa atakugwirizanitsani chanza, tsiku la khoti likadalipo, ndipo mukapanda kupita walanti ituluka.

Mfundo za belo nazonso si mwala. Ngati tsiku lokaonekera likuwombana ndi ntchito, pemphani khoti lisinthe. Ngati mumakhala ku Thekerani ndipo mwauzidwa kuti muzikasaina pa boma pa Thyolo, nenani pomwepo kuti ndalama ya kabaza simungaikwanitse, mupemphe polisi yapafupi. Ngati wodandaulayo mumatunga naye pamjigo umodzi, mumapemphera tchalitchi chimodzi, liuzeni khoti tsiku loyamba lomwelo kuti lilongosole chimene likuletsa. Anthu amangogwedeza mutu chifukwa chofunitsitsa kutuluka, pepala la belo n'kulipinda, kuliika pansi pa mphasa osaliwerenga. Kwagwa maliro ku Phalombe? Pemphani musananyamuke, osati mutabwerako. Mwadwala? Tumani wokuimirani apite ndi buku la kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo mukakasaina, onetsetsani kuti wapolisi walemba tsiku ndi dzina lake papepala lanu. Kutumiza uthenga pa WhatsApp kapena kutuma mlongo wanu kwa mboni, kumeneko n'kulankhula nayo basi.

Inu amene mumasainira anzanu, musamasaine chifukwa cha manyazi. Munthuyo akathawa, ndalama imene yalembedwa papepalapo khoti lidzaifuna kwa inu.

Tsono madobadoba. Mudzawapeza pansi pa mtengo panja pa khoti, fayilo kukhwapa, nsapato zopolishidwa bwino. Amati amadziwana ndi "akuluakulu," amati fayilo ikhoza kusowa, amati musavutike kubwera tsiku la mlandu adzakukonzerani. Tsiku limene walanti yatuluka, foni yawo siipezeka. Amene amakuuzani kuti musambe mankhwala kuti majisitireti aiwale mlandu, nawonso ndi omwewo. Majisitireti akhoza kuiwala nkhope yanu, koma kalaliki analemba tsiku m'kaundula. Loya weniweni amakhala ndi chiphaso cha chaka chimenecho, ndipo mukhoza kufunsa ku bungwe la maloya la Malawi Law Society. Ngati ndalama mulibe, Legal Aid Bureau inakhazikitsidwira inu, ndipo a PASI, bungwe la alangizi a zamalamulo amene si maloya, amayendera zitokosi ndi ndende kuthandiza anthu kumvetsa milandu yawo. Pitani sabata yoyamba, mboni zanu zisanasamuke kukafuna ganyu ku Limbe, osati m'mawa wa tsiku la mlandu.

Mnyamata uja ndinakumana naye pa Chitakale atatuluka, akugulitsa nanazi m'mbali mwa msewu. Anandipatsa moni mwaulemu, n'kundisankhira ziwiri zakupsa bwino. Ndalama anakana kulandira.