Za chitupa chapadera cha Amalawi ku Joni: ndi bodza

Uthenga uja umangobwerabwera m'magulu a WhatsApp: akuti South Africa yawonjezera masiku a zitupa zogwirira ntchito kwa alendo onse, Amalawi omwe, bola mutumize ndalama kwa wokulembetsani.

Si zoona. Chitupa chomwe boma lakhala likuwonjezera masiku ake ndi ZEP, cha anthu a ku Zimbabwe, chomwe chiyambi chake ndi ndondomeko ya 2009. A ku Lesotho ali ndi chawo. Cha Amalawi kulibe, ndipo kuwonjezerako kumakhudza okhawo amene ali nacho kale. Olemba anthu ntchito nawonso asapusitsidwe: lamulo la South Africa la 2002 lokhudza anthu olowa ndi otuluka m'dzikolo limawalamula kutsimikiza ngati wantchito ali ndi chilolezo.

Chilengezo chenicheni chimatuluka mu Government Gazette (chikalata cha zilengezo za boma la South Africa) ndi pa tsamba la pa intaneti la Home Affairs, unduna woona za zitupazi. Ngati simunachipeze kumeneko, chonde musatumizire ena. Abale athu akuberedwa ndalama zomwe anakhetsera thukuta.