Usiku umene mafuta owira anatha

Mfuti zitafala pa nkhondo za ku Ulaya cha m'ma 1500, madokotala anasowa pogwira. Bala la lupanga ndi la muvi ankalidziwa kale. Koma chipolopolo cha mtovu, chotuluka m'mfuti zothira onga kukamwa ngati gogodera amene agogo athu ankasakira nyama, chinkaphwanya fupa n'kukokera nsanza za malaya m'kati mwa mnofu. Pakangopita masiku ochepa bala linkatupa n'kuchita mafinya, munthu n'kutsirizika.

Za tizilombo toyambitsa matenda panalibe ankadziwa. Giovanni da Vigo, dokotala wa Papa Julius II, analemba m'buku lake la 1514 kuti onga ndi poizoni, ndipo poizoniyo aziiwotcha. Ndiye msilikali akawomberedwa ankamugwira mwamphamvu n'kuthira mafuta owira m'balamo, wopanda mankhwala aliwonse ogonetsa. Ndikaganiza za kukuwa kwa anyamata amenewo, thupi limachita tsemwe.

Mu 1537 asilikali a France akumenya nkhondo kufupi ndi mzinda wa Turin ku Italy, anali ndi mnyamata wina, Ambroise Paré. Sanapite ku yunivesite, Chilatini, chinenero cha mabuku a madokotala masiku amenewo, sankachidziwa. Ntchito anaiphunzira kwa ometa tsitsi, omwe masiku amenewo ankachitanso maopaleshoni, komanso pachipatala cha Hôtel-Dieu ku Paris. Tsiku lina ovulala anachuluka, mafuta n'kumuthera. Otsalawo anangowapaka zimene anasakaniza yekha: chachikasu cha m'dzira, mafuta a maluwa a rozi ndi turpentine, mankhwala ochokera ku utomoni wa mitengo.

Usiku umenewo tulo sanatione, poopa kuti akawapeza atafa ndi poizoni. Analawira m'mamawa kukawazonda. Amene anawapaka dzira aja anali atagona bwino, mabala osatupa. Amene anawawotcha ndi mafuta anali akubuula, thupi lili gaa kutentha, mabala atatupa. Pomwepo anatsimikiza mtima kuti sadzawotchanso munthu wowomberedwa. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti anakhulupirira zimene maso ake anaona, ngakhale buku la akuluakulu linkanena zina.

Mu 1545 anatulutsa buku la kachizidwe ka mabala a mfuti, m'Chifalansa, kuti ometa anzake athe kuwerenga. Pambuyo pake anasiyanso kuwotcha ndi chitsulo chamoto pamene wadula mwendo, n'kuyamba kumanga mitsempha ya magazi ndi ulusi. Anatumikira mafumu anayi a France, ndipo anamwalira ku Paris mu 1590.