Ndani anasainira kuti makinawo akugwira ntchito?

Pa ntchito yanga yofufuza mabuku a ndalama za boma, ndikafika pa ntchito ya makompyuta ndimayamba ndi pepala limodzi: lija lomwe mkulu wina anasainira kuti ntchito yatha, kampani ilipidwe. Msewu ukamangidwa mwachinyengo, mvula yoyamba imauulula. Koma pulogalamu ya pakompyuta, kapena chingwe cha intaneti chokwiriridwa pansi, munthu wamba sangachiweruze ndi maso. Timangodalira siginecha imeneyo.

Onani zimene zinachitika ku Canada. Mu 2009 boma linavomereza madola a dzikolo pafupifupi 310 miliyoni kuti lisinthe njira yolipirira antchito ake. Makina atsopanowo, otchedwa Phoenix, anayamba kugwira ntchito mu February 2016. Ndalama zitayamba kuchepa, oyang'anira anadula mbali zina zofunika za pulogalamuyo, nasiyanso kuiyesa kaye mu dipatimenti imodzi. Akatswiri ambiri a malipiro anali atachotsedwa kale ntchito, ntchito ya malipiro ya madipatimenti ambiri n'kusonkhanitsidwa ku tauni ya Miramichi. Antchito masauzande ambiri analandira zoperewera, ena zopitirira, ena osalandira kanthu kwa miyezi. Mu 2018 mkulu wofufuza mabuku a boma, Michael Ferguson, anapeza kuti akuluakulu ankadziwa mavutowo koma anapitirirabe, ndipo panalibe wina wapadera wowaunika. Kukonza chisokonezocho kwadya ndalama zoposa madola mabiliyoni awiri.

Ku Britain nako, ntchito yolumikiza makompyuta a zipatala za NHS, bungwe la boma loona za umoyo, inayamba mu 2002, n'kuthetsedwa mu 2011, ndipo ndalama zake zonse zinadzayandikira mapaundi 10 biliyoni.

Kuwononga kwina sikumveka n'komwe. Ndinalowapo m'chipinda chosungiramo katundu pa ofesi ina, n'kupeza maseva, makompyuta aakulu otumikira makompyuta ena, ali m'makatoni osatsegula, fumbi lili mbuu, nthawi ya waranti itadutsa kale. M'mabuku munalembedwa kuti ntchito inatheka, chifukwa katunduyo anafikadi. Bajeti inali ndi ndalama yogulira, koma inalibe ya magetsi, ya malaisensi a chaka ndi chaka, kapena ya munthu woti aziwasamalira. Zimenezi zimandipweteka kwambiri, chifukwa palibe amene anaba, komabe ndalama ya msonkho inapita m'madzi.

Ine ndimaumirira kuti kontilakiti yotere igawidwe m'magawo ang'onoang'ono, kampani izilipidwa gawo likayesedwa ndi anthu enieni amene adzaligwiritse ntchito, monga kalaliki wa malipiro kapena namwino. Kontilakitiyo iziikidwa poyera pamodzi ndi kusintha kulikonse kwa mtengo, popeza mtengo umakwera kwambiri pa zowonjezera zosainidwa mwakachetechete ntchito ili mkati. Ndipo boma lisunge umwini wa deta yake, kutanthauza zonse zosungidwa m'makinawo, ndi ufulu wosamukira ku kampani ina. Likapanda kutero, kampani yomwe inapanga makinawo imatchula mtengo uliwonse ikamakonzanso kontilakiti, chifukwa imadziwa kuti bomalo lilibe kothawira.