Ng'oma italetsedwa, nyimbo inasamukira m'thupi

Ku America mwezi wa February, ndipo ku Britain wa October, sukulu zambiri zimakumbukira mbiri ya anthu akuda. M'kalasi ya nyimbo mwambowu kawirikawiri umathera pa chithunzi cha Louis Armstrong pakhoma ndi nyimbo imodzi yoimba pa asembule. Mwezi ukatha ana amabwerera kwa Mozart ndi Beethoven ngati kuti nyimbo zoyenera kuphunzira ndi zokhazo. Ine monga mphunzitsi wa nyimbo zimenezi zimandiwawa, chifukwa jazi, gospel, rock ndi hip hop zimene anawo amamvera pafoni tsiku ndi tsiku zinaphuka pa tsinde lomwe tikulipatsa mwezi umodziwo.

Phunziroli liyambire m'manja mwa mwana, bolodi ibwere pambuyo. Mu 1739 akapolo a ku South Carolina anaukira pafupi ndi mtsinje wa Stono, ndipo mu 1740 lamulo linawaletsa kukhala ndi ng'oma kapena malipenga, poopa kuti aziitanizana nazo. Kusowa kwa ng'oma sikunaphe nyimbo. Anthu ankawomba m'manja, kudzimenya pachifuwa ndi pantchafu, kupondaponda pansi, mpaka thupi lonse likulira. Kavinidwe kotere kankatchedwa juba.

M'kalasi ndimagawa ana pawiri. Gulu lina liwomba katatu pamene lina likuwomba kawiri m'nthawi yofanana. Poyamba chimakhala chipwirikiti, wina aliyense akukokedwa ndi mnzake. Koma ikafika nthawi imene magulu awiriwo alumikizana, nkhope zimasintha, ena amayamba kugwedeza mapewa osauzidwa. Apa m'pamene ndimafunsa kuti, "Nanga ng'oma inapita kuti?" Nkhani ya ukapolo ndi yolemera kwa mwana wa zaka 9, koma amailandira bwino akayamba waimva m'zikhatho zake.

Kuchokera pamenepo ndi pafupi kufika kwa Florence Price, mayi wakuda wopeka nyimbo wobadwira ku Little Rock ku America mu 1887. Mu 1933 gulu la Chicago Symphony Orchestra linaimba simfone yake yoyamba (nyimbo yaitali ya magawo angapo yoimbidwa ndi gulu lalikulu la zoimbira), ndipo kanali koyamba kuti okesitira yaikulu ya ku America iimbe simfone yopekedwa ndi mayi wakuda. Gawo lachitatu la simfoneyo ndi juba. Ana amene angowomba kumene m'manja amaizindikira msanga ikulira pa mavayolini. Muwauzenso kuti mapepala ambiri a nyimbo zake anapezeka mu 2009 m'nyumba yosiyidwa ku Illinois. Funso lakuti anaiwalika bwanji amalifunsa okha.

Banjo imafuna kusamala. Inapangidwa ndi akapolo ku Caribbean ndi ku America pogwiritsa ntchito chipanda ndi chikopa, mofanana ndi zoimbira za ku West Africa monga akonting ya Ajola a ku Senegal ndi Gambia. Koma inatchuka kwa azungu kudzera m'zisudzo zimene ankadzipaka zakuda kumaso n'kumanyoza anthu akuda. Nyimbo zina za ana zakale zinachokera m'zisudzo zimenezo, choncho mphunzitsi afufuze kaye gwero la nyimbo asanaiike pakamwa pa ana.

Nyimbozi zinawolokanso nyanja kubwerera ku Africa. Mu 1890 Orpheus McAdoo anafika ku Cape Town ndi gulu lake la oimba akuda a ku America lotchedwa Virginia Jubilee Singers, ndipo kaimbidwe kawo kanasiya chizindikiro m'makwaya a ku South Africa. Banjo nayonso inafika ku Malawi, anyamata n'kumazipangira okha ndi zitini za mafuta. Kwela ya Daniel ndi Donald Kachamba ili ndi fungo la jazi. Mwana wa Mmalawi amene akukulira ku Leeds kapena ku Indiana ali ndi mbali yake m'nkhaniyi.

Chopinga chachikulu chili m'mayeso. Nyimbo zimenezi zimaphunziridwa ndi khutu: wina ayambitsa, ena apolokoza, wina awonjezera zake pomwepo. Koma mayeso ambiri amapereka malikisi kwa wodziwa kuwerenga manotsi. Makolo mukapita kukaonana ndi aphunzitsi, afunseni ngati mwana amene amatha kugwira nyimbo atangoimva, kapena kupeka yake ena akuimba, amapatsidwa malikisi pa luso limenelo.