Maganizo Oopsa Ongobwera Okha

Mayi akuwoloka Shire pa bwato, mwana ali kumbuyo. Mwadzidzidzi ganizo likumubwerera: bwanji nditamugwetsera m'madzimu? Mtima ukugunda, akumangitsa chitenje. Kunyumba sauza munthu, kuopa kuti amunena kuti walodzedwa kapena wagwidwa ndi ziwanda. Wina ganizo lotukwana limamupeza ali pakati pa pemphero.

Maganizo otere amabwerera pafupifupi munthu aliyense. Mu 1978, akatswiri a zamaganizo Stanley Rachman ndi Padmal de Silva, ku England, anafunsa anthu osadwala, ndipo ambiri anavomera kuti zimawachitikira. Mu 2014, Adam Radomsky ndi anzake anafunsa ophunzira 777 m'maiko 13, ndipo pafupifupi 94 pa 100 alionse anati ganizo losafunika linawabwerera m'miyezi itatu yapitayo. Kusiyana kwa wodwala ndi wosadwala sikuli pa ganizolo, koma pa mmene munthu amalitengera. Mayi uja wachita mantha chifukwa amamukonda mwana wake. Ganizo limene mukunyansidwa nalo si cholinga chanu.

Chovuta n'chakuti kulimbana nalo kumalipatsa mphamvu. Mu 1987, Daniel Wegner ku America anauza anthu kuti kwa mphindi 5 asaganize za chimbalangondo choyera, ndipo aziliza belu chikangowabwerera m'mutu. Belu linkalirabe. Atawalola kuchiganizira, anachiganizira kwambiri kuposa anzawo amene sanaletsedwe poyamba. Yesani nokha: musaganize za ng'ona. Mwaiona kale, eti? Ubongo ukamalondera ganizo kuti lisalowe, umakhala ukulikumbukira.

Choncho likabwera, lizindikireni kuti ndi ganizo chabe, musakangane nalo, pitirizani kupalira kapena kuphika. Limapita lokha.

Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje tilinso ndi mtundu wina. Chichitikireni namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, ena mvula ikangoyamba kuwomba malata amaonanso madzi akulowa m'nyumba usiku, ngati zikuchitika lero. Uku si kufooka mtima ayi, ndi bala la m'maganizo, ndipo chithandizo chake chilipo.

Pitani kuchipatala ngati maganizowa akukudyerani ola kapena kuposa tsiku lililonse, ngati mukusamba m'manja kapena kubwerera kukaona chitseko kambirimbiri kuti mtima ukhale pansi, ngati mwayamba kuopa kusambitsa mwana wanu, kapena ngati maloto oopsa apitirira mwezi. Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu kapena chipatala chaching'ono, akutumizani kuchipatala cha boma kwa ogwira ntchito za matenda a maganizo. Amathandiza ndi uphungu, nthawi zina ndi mankhwala omwe.

Koma ngati mukufunadi kudzipha kapena kuvulaza munthu, kapena mukumva mawu okulamulani, musadikire. Uzani m'bale wanu lero lomwe, akuperekezeni kuchipatala.