Montana: pamene chigawo chonse chinali dera limodzi la phungu

Ku America, nyumba ya aphungu yotchedwa House of Representatives ili ndi mipando 435, ndipo imagawidwa kwa zigawo potengera kalembera wa anthu amene amachitika zaka 10 zilizonse. Chigawo cha anthu ochepa chimangopatsidwa mpando umodzi, choncho chigawo chonsecho chimakhala dera limodzi. Montana, chigawo cha mapiri ndi ng'ombe kumpoto chakumadzulo kwa dzikolo, chakhala dera limodzi kawiri: kuyambira 1889 mpaka 1919, kenako 1993 mpaka 2023.

Phungu woyamba anali Thomas H. Carter. Koma nkhani imakoma kuyambira mu 1913, pamene Montana inalandira mpando wachiwiri. Akuluakulu a chigawocho sanafulumire kudula malire. Mipando yonse iwiri inkapikisanidwa m'chigawo chonse, wovota aliyense n'kumasankha mayina awiri, ndipo awiri opeza mavoti ambiri ndiwo ankapita ku Washington.

Dongosolo limeneli ndi limene linatsegulira khomo Jeannette Rankin wa ku Missoula, wa chipani cha Republican. Amayi a ku Montana anali atangopatsidwa ufulu wovota mu 1914, ndipo Rankin anali mmodzi mwa amene anayenda m'midzi ndi m'matauni a migodi kumenyera ufuluwo, kotero dzina lake linkadziwika ponseponse. Pa chisankho cha 1916 sanakhale woyamba ayi. Anatsatira John M. Evans wa Democrat, koma malo achiwiri anali okwanira. Anakhala mayi woyamba kulowa m'nyumba ya malamulo ya dzikolo, zaka zinayi amayi a m'dziko lonse asanapatsidwe voti. Atangokhala masiku ochepa pampando, mu April 1917, anali mmodzi mwa aphungu 50 amene anakana kuti America ilowe nkhondo yolimbana ndi Germany.

Kenako chigawo chinadulidwa pawiri, kumadzulo ndi kum'mawa, ndipo Missoula inagwera kumadzulo kumene Democrat inali ndi mphamvu. Ataona kuti kumeneko n'kovuta, Rankin anayesa mpando wa Senate, nyumba inayo ya malamulo ya dzikolo, mu 1918, n'kugwa. Ine ndimaona kuti voti yake yokana nkhondo inamupweteka ndithu, komabe cholembera chodulira malire chinamupweteka mofanana. Anadzabwereranso mu 1940, ndipo mu December 1941 anali yekhayekha wokana nkhondo ndi Japan.

Kalembera wa 1990 analanda Montana mpando umodzi. Chigawocho chinakasuma mpaka ku khothi lalikulu la dzikolo, n'kumanena kuti njira yogawira mipando ndi yokondera, koma mu 1992 oweruza onse anagamula mokomera boma la dzikolo. Zotsatira zake zinali zowawa: aphungu awiri amene anali kale pampando, Pat Williams wa Democrat kumadzulo ndi Ron Marlenee wa Republican kum'mawa, analimbirana mpando umodzi. Williams anapambana ndipo anakhalapo mpaka 1997. Iyeyo ndiye wa Democrat womaliza kuimira dera limeneli. Onse otsatira, Rick Hill, Denny Rehberg, Steve Daines, Ryan Zinke, Greg Gianforte ndi Matt Rosendale, anali a Republican.

Taganizirani ntchito ya phungu mmodzi m'dera la makilomita pafupifupi 380,000 m'litali ndi m'lifupi, momwe muli alimi a tirigu, oweta ng'ombe, a m'migodi ya ku Butte ndi mitundu ya eni nthaka monga Crow ndi Blackfeet. Pa kalembera wa 2010 anthu anali pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo panalibe dera lina la phungu m'dziko lonse lokhala ndi anthu ochuluka chotero. Ubwino wake unali wakuti amene wapambana amadziwika chigawo chonse, n'chifukwa chake mpandowu unasanduka makwerero. Daines anakwera kupita ku Senate, Zinke anasiya mpando mu 2017 atasankhidwa kukhala nduna, ndipo Gianforte, amene anapambana chisankho chapadera chaka chimenecho ngakhale anali atamenya mtolankhani dzulo lake, anadzakhala bwanamkubwa wa Montana.

Kalembera wa 2020 anabweza mpando wachiwiri. Mu January 2023 dera lalikululi linatha, Zinke n'kutenga dera la kumadzulo, Rosendale la kum'mawa.