Locket: dzina lake lagona pa kachotsekera

Anthu ambiri akaona kanthu kalikonse kolendewera pa tcheni ya m'khosi amangoti ndi locket. Si zoona. Locket ndi kabokosi kakang'ono, nthawi zambiri kagolide kapena kasiliva, kokhala ndi chivindikiro chotseguka. M'kati mwake mumasungidwa chithunzi cha munthu wapamtima, mwinanso timatsitsi take. Kakapanda kutseguka, n'kokongoletsera chabe.

Mawuwa anachokera ku Chifalansa chakale, loquet, kutanthauza kachitsulo kotsekera chitseko, ndipo n'ngapachibale ndi mawu oti loko. Atalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1300, ankatchulira chitsulo chopingasa pa zenera. Tanthauzo la kabokosi kovala m'khosi linabwera mochedwa, cha m'ma 1670. Dzinalitu silinena za kunyezimira, likunena za kutseka, ndipo ine ndimaona kuti linagwa m'malo mwake. Mikanda ndi ndolo timavalira maso a anthu, koma zam'kati mwa locket amazidziwa ndi mwini wake yekha.

Mfumukazi Elizabeth I ya ku England inali ndi mphete yotseguka chonchi, yopangidwa cha m'ma 1575. Mukaitsegula mumapeza nkhope ziwiri: yake, ndi ya mayi wina amene ambiri amakhulupirira kuti ndi Anne Boleyn, mayi ake omubereka. Mayiwo anadulidwa mutu mu 1536 molamulidwa ndi mwamuna wawo, Mfumu Henry VIII, mwanayo asanakwanitse zaka zitatu. Nkhope yotereyi inabisika bwinobwino pachala.

Kale pankafunika katswiri wojambula pamanja kankhope kochepa ngati chikhadabo, motero anali nazo ndi olemera okha. Kujambula ndi kamera kutayamba mu 1839, zinthu zinapepuka. Kenako Prince Albert, mwamuna wa Mfumukazi Victoria ya ku Britain, anamwalira mu 1861, mfumukaziyo n'kuvala zamaliro mpaka imfa yake, ndipo kusunga tsitsi la malemu m'locket kunafala kwambiri. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, asilikali ankasiyira akazi awo ndi zibwenzi zithunzi zawo mwa njira yomweyi.

Mukamagula kapena mukalandira yachikale, musathamangire kunyezimira. Yang'anani polumikizira chivindikiro ngati sipakugwedera, kenako tsekani, mumve kakulira "tche". Kakakanika kutseguka musakakanule ndi mpeni, pitani nako kwa mmisiri. Posamba muzivula, chifukwa chinyontho chikalowa m'kati chimafufuta chithunzicho, ndipo kawirikawiri chimakhala chimodzi chokhacho.